Akakuuzani kuti impso zatsika, yambani kusamala mkono: zoti muchite musanapange fistula ya dayalisisi

Abale anga a kuno ku Harare, makamaka inu muli ndi wodwala impso pakhomo, ndalemba izi chifukwa ife tinadziwa mochedwa ndipo bambo anga anavutika ndi zinthu zoti zikanapeweka. Bambo ndi a shuga ndi BP kwa zaka zambiri, timakhala ku Mabvuku, nde dokotala atatiuza kuti impso zatsika kwambiri tiyambe kukonzekera dayalisisi, kutsuka magazi ndi makina, ife tinangoti tione kaye mwina zisintha, tinachepetsa mchere, tinapemphera, miyezi nkumapita. Kupemphera sindikuletsa ayi, mpaka lero timapemphera, koma tinkayenera kumapemphera uku tikukonza mkono. Usiku wina bambo anayamba kubanika, miyendo itatupa mpaka nsapato osalowa, tinathamangira kuchipatala ndipo poti panalibe njira yokonzeratu yolumikizira makina anawaika kapaipi pakhosi mwachangu. Patangopita masabata ochepa kapaipi kaja kanalowa majeremusi, thupi kutentha, kunjenjemera ngati malungo, anagonekedwa. Fistula tinadzapanga pambuyo pake, titaona kale zowawa.

Ndiyambe ndi dzinali chifukwa amayi anga atamva koyamba anadabwa kuti mwamuna angakhale bwanji ndi fistula. Iyi si fistula ija imagwira azimayi akavutika pobereka ayi. Apa dokotala amachita dala, amalumikiza mtsempha wobweretsa magazi kuchokera kumtima ndi mtsempha wobwezera magazi kumtima, kawirikawiri pamkono pafupi ndi pomwe timavala wotchi, kapena pachigongono ngati mitsempha ya m'munsi ili yaing'ono. Magazi akayamba kuthamanga mwamphamvu mu mtsempha wobwezerawo umakula ndi kulimba, nde manesi amatha kubayapo masingano awiri ulendo uliwonse. Makina a dayalisisi amakoka magazi ambiri, ma ml 300 kapena kuposa pa mphindi imodzi, kwa maola pafupifupi 4, mtsempha wamba sungapirire zimenezo. Ndipo kwa amene amaopa kuti akufuna kuwayesera zachilendo, njira imeneyi ndi yakale, inayamba mu 1966 ku New York ndi madokotala Brescia ndi Cimino ndi anzawo.

Pali njira zinanso ziwiri. Graft ndi kapaipi kofewa kochita kupanga komwe amakaika pansi pa khungu kulumikiza mitsempha iwiriyo ngati yanu siyikukwanira, kamayamba ntchito msanga, masabata awiri mpaka anayi, koma kamatsekeka ndi kulowa majeremusi kawirikawiri kuposa fistula. Inayo nde catheter, kapaipi ka pakhosi kaja anawaika bambo, imagwira ntchito tsiku lomwelo koma nsonga yake imakafika pafupi ndi mtima, majeremusi akalowa amapita m'magazi mwachindunji, ndipo siyifuna kunyowa ngakhale pang'ono, kusamba kumasanduka ntchito. Ine maganizo anga ndi oti ngati mitsempha ilipo ndipo nthawi ilipo, limbikirani fistula.

Choyamba chenicheni, funsani nambala. Mukapita ku kiliniki ya impso, kaya ku Parirenyatwa kaya kwa dokotala wa pulayiveti, musatuluke ndi mawu oti "impso sizili bwino" basi. Funsani kuti eGFR ili pa chani ndipo muilembe m'kabuku pamodzi ndi deti. Nambala imeneyi imasonyeza mphamvu yomwe yatsala mu impso, ikatsika pansi pa 30 yambani kale kusunga mitsempha, ikamafika cha m'ma 20 kutsika ku 15 nde nthawi yoti nkhani ya fistula ikambidwe ndithu. Chifukwa chake nchakuti fistula siyigwira ntchito tsiku lomwe yapangidwa, imafuna kukhwima, masabata 6 ngati zayenda bwino, ena miyezi itatu kapena inayi, ndipo ina imakana kukhwima mpaka kubwereranso ku fiyeta. Mukaonjezapo nthawi yodikira pamzera wa opaleshoni muona chifukwa chake madokotala amafuna ipangidwe miyezi ngati 6 dayalisisi isanayambe. Kupanga fistula sikutanthauza kuti mawa muyamba makina, anthu ena amakhala nayo nthawi yaitali isanagwiritsidwe ntchito, ili phee kudikira. Funsaninso ngati dayalisisi ya pamimba ingakuyenereni, chifukwa imeneyo njira yake ndi ina.

Ndipo agogo kapena amalume asapite okha. Akuluakulu athu ambiri Chishona amachimva bwino koma dokotala akayamba kusakaniza ndi Chingerezi cha mankhwala amangovomera "eya, eya" mwaulemu, kufika kunyumba mukawafunsa akuti wanena kuti ndidzabwerenso. Pakhale mwana kapena mdzukulu wolemba.

Chachiwiri nde chomwe ndikufuna muchigwire kwambiri, kusunga mkono. Kawirikawiri amasankha mkono womwe simuugwiritsa ntchito kwambiri, amene mumadyera kumanja ndiye wamanzere, amanzere ndiye wamanja, kuti pa makina dzanja lamphamvu likhale lomasuka. Kuyambira tsiku lomwe mwauzidwa, mkono umenewo usabayidwenso, kaya kutenga magazi, kaya kuika dripu. Kubaya kulikonse kumasiya kachipsera mkati mwa mtsempha, dripu nde imaononga kwambiri, mtsempha umauma nkukhala ngati chingwe ndipo dokotala akadzaufuna amapeza watha. Odwala impso amatengedwa magazi pafupipafupi, nde tangoganizani chaka chonse akubaya pachigongono pomwepo. Pemphani kuti azitenga kuseri kwa dzanja, pa timitsempha tija timaoneka pamwamba pa chikhatho, ndipo ngakhale mkono winawo muusamalenso chimodzimodzi momwe mungathere poti tsiku lina ungadzafunike.

Apa pamafunika kulimba mtima pang'ono chifukwa ife tinaleredwa kuti nesi sitimutsutsa. Bambo anga ankangotambasula mkono uliwonse womwe nesi wagwira. Tsiku lina pa kiliniki ina ndinachita kugwira dzanja la nesi mwaulemu nkunena kuti pepani asisita, mkono uwu tausungira fistula, ndipo anamvetsa bwinobwino, iye sakanadziwa poti pa kadi panalibe cholembedwa. Kuchokera tsiku limenelo ndinalemba ndi cholembera chofiira pachikuto cha buku lawo la kuchipatala kuti mkono wamanzere osabaya, osaika dripu, mu Chingerezi ndi Chishona. Chitani zomwezo. Ngati wodwala wagonekedwa uzani manesi a shifiti iliyonse, a usiku sadziwa zomwe munauza a masana. Ndipo zikavuta mpaka pafunike catheter yachangu, funsani ngati ingaikidwe pa mtsempha wa pakhosi osati wa pansi pa fupa la paphewa, chifukwa umenewo ukachepa mkati mkono wonse wa mbali imeneyo umavuta kudzapangapo fistula.

Fodya siyani, wosuta ndi wa pamphuno yemwe, amaononga mitsempha ndipo bala limachedwa kupola. Ena amauzidwa kuti ayambiretu kufinya kampira m'dzanja opaleshoni isanachitike, funsani, sikovuta.

Chachitatu ndi sikani ya mitsempha. Dokotala wa opaleshoni adzagwira mkono, kumva kugunda kwa magazi, kumanga kalamba kuti aone mitsempha ikufufuma bwanji, ndipo nthawi zambiri amatumiza ku sikani ya ultrasound yoyeza kukula kwake. Siyipweteka, ndi ija amapaka mafuta oterera. Amafuna mtsempha wobwezera ukhale pafupifupi mamilimita awiri ndi theka, wobweretsa mamilimita awiri. Tsiku la sikani valani zofunda makamaka mu June ndi July muno mukazizira, mitsempha imanyala ndi chisanu nkuoneka yaing'ono kuposa momwe ilili. Muuzeni dokotala zonse zomwe mkono umenewo unaonapo, ngati unathyokapo, ngati munaikidwapo catheter pakhosi kapena pachifuwa mbali imeneyo, ngati muli ndi kachipangizo ka mtima, ngati munachitapo sitiroko, ngati zala zimachita dzanzi kale. Ngati mtima uli wofooka nenaninso, fistula imaonjezera ntchito ku mtima.

Chachinayi, mankhwala. Tengani onse mu pulasitiki, mabotolo ndi mapaketi momwe alili, osati kungotchula kuti kapilisi koyera kakang'ono. Ofunika kuwafunsa mwachindunji ndi awa ochepetsa kuundana kwa magazi monga warfarin, clopidogrel ndi aspirin. Musasiye nokha ndipo musapitirize nokha, dokotala ndi amene anene kuti awa siyani masiku angati, awa pitirizani, chifukwa ena aspirin amauzidwa kuti asasiye. A shuga funsani kuti insulin kapena mapilisi muchite nawo bwanji m'mawa wa opaleshoni, poti mukabaya mulingo wonse muli osadya shuga amagwa, ndipo impso zikafooka insulin imakhalitsa m'thupi. A BP funsaninso, BP ikatsika kwambiri fistula yatsopano imatha kutsekeka. Amene muli pa ma ARV nenani poyera ndipo musadumphitse, ena mwa mankhwalawa monga tenofovir amafunika kusinthidwa impso zikatsika koma osintha ndi achipatala.

Brufen, diclofenac ndi anzake ochotsa ululu omwe timangogula pa famase kapena pamsika, asiyeni, amamaliza mphamvu yotsala ya impso ndipo amachititsa kuti magazi achedwe kuuma pabala. Za zitsamba nde ndinene mosabisa, achibale adzabwera ndi mabotolo a mizu, ena ochokera kumudzi ku Malawi ena a ku Mbare, onse ndi mtima wabwino ofuna kuthandiza. Impso yodwala siyitha kutulutsa zomwe zili m'menemo, ndipo palibe akudziwa mulingo wake. Ngati wodwala wamwapo muuzeni dokotala, musachite manyazi.

Chachisanu, kuyeza magazi masiku ochepa opaleshoni isanafike. Amaona kuchuluka kwa magazi, shuga, ndi potaziyamu, mchere wina wa m'magazi, ndipo pokonzekera dayalisisi amayezanso HIV ndi matenda a chiwindi a hepatitis B ndi C. Ngati simunabayitse katemera wa hepatitis B funsani, amagwira bwino akaperekedwa msanga, koma kumbukirani kunena za mkono uja. Potaziyamu nde amabweza anthu pakhomo la fiyeta, akakwera amasokoneza kugunda kwa mtima ndipo dokotala sangayerekeze. Sabata imeneyo samalani nthochi, mapeyala, mbatata, mbatatesi, tomato wambiri, madzi a malalanje, ndi mchere uja amati ndi wa anthu a BP poti muli potaziyamu. Masamba ndi mbatata ziwiritseni m'madzi ambiri nkutaya madziwo. Ngati mwayamba kale dayalisisi pa catheter, kawirikawiri amakonza kuti opaleshoni ikhale tsiku lotsatira dayalisisi, musajombe ulendo umenewo. Mukadwala chifuwa, kutentha thupi, kapena pakhungu la mkono patuluka chilonda kaya zidzolo, imbani foni muwauze lisanafike tsiku.

Chachisanu ndi chimodzi, konzani za pakhomo ndi za ndalama. Funsiranitu kuti opaleshoni, sikani ndi magazi zikufuna zingati ndipo chomwe mukuyenera kugula nokha nchiyani, a medical aid pezani chilolezo chawo tsiku lisanafike. Chitupa, makadi, zotsatira za sikani ndi magazi, zonse mu envulopu imodzi. Pobwerera musadalire kombi yodzadza, mkono wongosokedwa kumene anthu nkumaukanikiza pokwera ndi potsika, pezani wa galimoto ngakhale wa kutchalitchi, ndipo wodwala asayendetse yekha.

Nkhani ya madzi ndi yomwe madokotala satchula koma ife a ku Mabvuku, Tafara, Epworth timaidziwa. Mpopi ukauma munthu amanyamula chigubu cha malita 20 kuchokera ku mjigo, ndipo kupopa mjigo komweko ndi ntchito ya mkono. Wodwala asachite zimenezo ndi mkono wa fistula, gawanani ntchitoyi musanapite kuchipatala kuti adziwike otunga ndani, ochapa ndani, otakasa nsima ndani. Amayi ambiri amabwera ku opaleshoni mawa lake ali kale pa mthiko chifukwa palibe wina, chonde ana aakazi ndi aamuna omwe, masabata awiri oyambawo gwirani ntchito ndinu. Sungani madzi aukhondo owiritsa osambira m'manja, sopo, ndi tochi yoti muziyang'anira bala usiku magetsi akapita.

Usiku woti mawa opaleshoni, tsatirani zomwe anakuuzani pa zakudya. Ambiri amangochititsidwa dzanzi pamalopo kapena mkono wonse ali maso, ena amagonetsedwa. Ngati mukagonetsedwe lamulo lodziwika ndi kusadya maola 6 ndipo madzi oyera kusiya maola awiri isanayambe, koma chipatala chanu chikanena zosiyana mverani chipatala. Sambani bwino ndi sopo, mkono wonse mpaka kukhwapa, osadzola mafuta kapena Vaseline, osameta tsitsi la pamkono ndi lezala chifukwa timabala take timalowetsa majeremusi. Mphete, zibangili, wotchi, ulusi kapena mkanda uliwonse wa pamkono vulani. Valani malaya a manja otakasuka omanga mabatani kutsogolo, bandeji imakhala yaikulu. A shuga tengani kamakina koyezera ndi chakudya choti mudye mukatuluka.

Musanasayine pepala funsani mafunso atatu awa, mkono uti ndi malo ati, mukapeza mtsempha sukuyenera muchita chani, ndipo usiku zikavuta tiimbe nambala iti. Opaleshoni yake imatenga ola limodzi kapena awiri ndipo ambiri amabwerera kunyumba tsiku lomwelo kapena mawa lake. Bambo anali maso nthawi yonse, akuti ankamva kukokakoka koma osati kuwawa.

Musanachoke m'chipatala, apa musaiwale, pemphani nesi akugwiritseni fistula. Mukaika zala pang'onopang'ono pafupi ndi bala mumamva kunjenjemera kosalekeza, ngati mwagwira khoma la chigayo chikugaya, ndipo mukaika khutu pamamveka fuuu fuuu. Kunjenjemera kumeneko ndi umboni woti magazi akudutsa. Wodwala aphunzire, womusamalira aphunzirenso, muzigwira m'mawa, masana ndi pogona tsiku lililonse. Kukasiya kapena kukachepa kwambiri pitani kuchipatala tsiku lomwelo osadikira deti ya pa kadi, akafulumira nthawi zina amatha kuitsegula, mukagona nayo masiku imatayika.

Kunyumba ikani mkono pa pilo ukhale pamwamba kuposa mtima kuti kutupa kutsike, zala muzizigwedeza. Bala likhale louma mpaka atakuuzani, osapakapo chilichonse cha kunyumba. Ululu ukavuta paracetamol pa mulingo womwe akupatsani. Ulusi ngati uli wochotsa amachotsa pakatha masiku 10 mpaka 14. Ndipo malamulo a mkono tsopano akhala a moyo wonse, osayeza BP mkono umenewo, osabaya kupatula manesi a dayalisisi, osaika dripu, osavala wotchi kapena zothina, osaugonera kapena kuutsamira, osakolekapo chikwama kapena thumba la ufa. Amayi obereka mwana kumbuyo onani kuti nsalu kapena mwendo wa mwana sizikukanikiza pamalopo.

Zoti muthamangire nazo kuchipatala ndi izi. Bala likafiira, kutentha, kutuluka mafinya, kapena thupi likatentha. Zala zikazizira, kuyera kapena kuda, kuchita dzanzi losatha, kuwawa kapena kufooka, zimenezo zimasonyeza kuti fistula ikulanda magazi opita kudzanja, zimakonda a shuga ndi achikulire ndipo sizofunika kupirira. Mkono wonse ukatupa mpaka kuphewa. Magazi akayamba kutuluka kanikizani pamalo pomwepo mwamphamvu ndi zala ndi kansalu koyera, kwezani mkono, mphindi 10 osasuzumira, ngati akutuluka mothamanga kapena sakusiya pitirizani kukanikiza muli m'galimoto, wina aziyendetsa. Komanso kutsegula m'mimba ndi kusanza, komwe kuno kumabwera ndi madzi oipa, kumatsitsa BP nkutsekesa fistula, nde wodwala akatsegula m'mimba gwirani fistula pafupipafupi ndipo imbirani achipatala akuuzeni madzi oti amwe, poti wa impso sangangomwa mulimonse.

Bala likapola ndipo dokotala akavomereza yambani kampira. Ife tinkagwiritsa ka tenesi kakale, masokosi opindidwa amagwiranso. Kufinya, kugwira pang'ono, kusiya, mphindi zingapo kangapo patsiku, bambo ankachita akumvera nkhani pa wailesi ndi madzulo akucheza pakhonde. Pang'onopang'ono mtsempha umayamba kuoneka, kufufuma ngati kanjoka pansi pa khungu, anthu mu kombi amayang'ana ndipo bambo poyamba ankabisa ndi jekete ngakhale kukutentha mu October. Kufufumako nkomwe tikufuna, bola malaya asathine.

Pakatha masabata 4 mpaka 6 bwererani akaione ngakhale zonse zikuoneka bwino. Amayang'ana ngati yakula kufika mamilimita 6, ngati siyili pansi kwambiri pa khungu, ndi ngati magazi akuthamanga mokwanira, cha m'ma ml 600 pa mphindi. Ikakhala kuti ikuchedwa pali zomwe amachita, kufutukula pomwe pachepa kapena kumanga timitsempha tomwe tikuba magazi m'mbali, ndipo zimayenda bwino akaziona msanga. Musakakamize manesi kuti ayambe kubaya isanakhwime chifukwa chotopa ndi catheter, ndikudziwa kutopa kwake, koma fistula yanthete ikabayidwa imaphulika mkati, mkono kutupa bii, nkubwereranso m'mbuyo masabata angapo. Ya bambo inatenga miyezi itatu. Catheter ya pakhosi sanaichotse tsiku loyamba lomwe anabaya fistula, anadikira kuti igwire bwino maulendo angapo motsatizana, nde inunso mukafika pamenepo funsani tsiku lochotsa ndipo mulilembe m'kabuku kaja kuti isakhalitse pakhosi popanda chifukwa.